Achemwali Anga ndi Lamba wa Pampando

Olemekezeka Wapampando wa bungwe loyendetsa nyumba ino, pamodzi ndi mamembala anu onse;

Olemekezeka amene mwabwera m'malo mwa Nduna ya Zaumoyo;

Olemekezeka Mkulu wa khonsolo ya mzinda wathu;

Olemekezeka a Matroni, amene munandiitana katatu ine n'kumazemba, mpaka munachita kubwera nokha kudzakhala pakhonde panga n'kunena kuti simuchoka ndisanavomere;

Atsogoleri a mipingo ndi zipembedzo;

Madokotala, anamwino ndi osamalira okalamba; inu a kukhitchini, inu ochapa, inu okolopa, ndi inu alonda;

Ana, adzukulu ndi achibale a onse okhala pano; atolankhani amene mwatipeza;

Ndipo pomaliza, ngakhale mwaulemu munayenera kukhala oyamba, inu eni nyumba ino, amayi ndi abambo athu amene mwakhala kutsogolo kuno: ndakupatsani moni nonse, ndipo ndikuthokoza pondilandira.

Polowa muno, abambo avala chipewa chofiirawo, amene ndamva kuti mumawatcha a Kondakita, andigwira mkono n'kundiuza kuti ndisatalikitse, chifukwa tiyi sadikira mlendo wolemekezeka. Ndamva, a Kondakita. Ndiyesetsa. Chonde musanditsitse ndisanafike pa siteji yanga.

Tasonkhana pa zinthu ziwiri. Choyamba, kutsegulira nyumba yatsopanoyi, ya zipinda makumi awiri ndi zinayi, imene ambiri mwaivutikira kwa zaka zitatu. Chachiwiri, ndipo kwa ine ndicho chachikulu, kuchitira umboni lonjezo la ogwira ntchito pano, lakuti okalamba asamamangidwenso pampando kapena pabedi pofuna kuti asagwe. A Matroni andionetsa mabuku awo. Zaka zitatu zapitazo, mwa anthu makumi asanu ndi limodzi okhala pano, makumi awiri ndi asanu ndi awiri ankamangidwa tsiku ndi tsiku. Lero atsala awiri. Ombani m'manja, n'zoyenera. Ombanibe, chifukwa amene achita zimenezi sawomberedwa m'manja kawirikawiri.

Pa pepala la mwambo uno mwandilemba bwino kwambiri: dokotala wa mafupa wopuma pantchito, mphunzitsi wa anamwino, bwenzi la okalamba. Mkazi wanga akanakhala moyo akanandinong'oneza kuti, "Bambo ameneyu ndi ndani, bwanji sindinakumane naye?" Zimene mwalembazo si zabodza, koma mwasiya mzere umodzi, ndipo mzerewo ndi umene unkandizembetsa. Ine ndinamangitsapo munthu pamalo ano. Ndiloleni ndikuuzeni za iye.

Makolo athu anamwalira motsatizana m'chaka chimodzi, ine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Tinatsala awiri, ine ndi achemwali anga, amene panthawiyo anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ankagwira ntchito yosita pamalo ochapira zovala za mahotela, ndipo tinkakhala m'kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Ndinali woonda, mutu waukulu, matumba a kabudula odzaza misomali yopindika imene ndinkatola kuseri kwa sitoloyo, choncho achemwali ankanditcha Kamsomali. Mukuseka, koma dzina limatsata mwini: ndinakula n'kukhala munthu wokhoma misomali m'mafupa a anthu.

Pakati pa sukulu yanga ndi kwathu panali msewu waukulu wodutsa malole. Lamulo la achemwali linali limodzi: "Usaoloke wekha. Uime pa geti mpaka undione." Tsiku lililonse ikamakwana 3 koloko masana, ankaimika nsimbi, n'kupempha kwa kapitawo, n'kuthamanga osavula n'komwe epuloni. Ndimakumbukira dzanja lawo: lofiira, lotentha, lonunkhira sopo. Ankandigwira zolimba moti zala zanga zinkachita dzanzi, kundiolotsa, kundisiya pakhomo, iwo n'kuthamangiranso ku mulu wa nsalu umene unkawadikira. Anachedwa tsiku limodzi lokha, nthawi imene kapitawo watsopano anawakaniza kutuluka. Anandipeza ndatsala ndekha pa geti, ndalira mpaka ntchilikwi. Anagwada pa fumbi pomwepo n'kunena kuti, "Sizidzachitikanso, wamva? Ngakhale andichotse ntchito." Ndipo sizinachitikenso.

Nsimbi imeneyo ndi imene inandiphunzitsa mpaka ndinakhala dokotala. Kwa zaka makumi atatu ndinalumikiza mafupa, ndipo ambiri anali mafupa a m'chiuno a okalamba amene anaterereka m'bafa kapena kuphonya sitepe. Ndinkadziwa zimene zimatsatira: ena ankadzuka, ambiri sankadzukanso. Choncho palibe chimene ndinkachiopa pa munthu wokalamba kuposa kugwa. Mundimvetse bwino, sindinali munthu wankhanza. Ndinali munthu wamantha amene ankadziwa zambiri, ndipo woteroyo ndi wovuta kumutsutsa.

Achemwali atafika zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zitatu, anayamba kuiwala. Poyamba zinali zazing'ono, makiyi m'filiji, mchere mu tiyi. Kenako anasiya nsimbi yoyaka pa nsalu ya patebulo, iwo amene pa moyo wawo wonse sanapserezepo ngakhale kolala imodzi. Kawiri konse anthu anawapeza akuyendayenda pa depoti ya mabasi osadziwa kobwerera. Tinawatenga kunyumba kwathu, koma ine ndi mkazi wanga tonse tinkagwira ntchito, ndipo pamapeto pake ndinawabweretsa kuno, zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zapitazo, mu nyumba yakale ili kumbuyo kwanuyo, imene lero mukusungiramo katundu.

M'mawa ankakhala bwinobwino, kupinda matawulo, kuthandiza anzawo kumanga mabatani. Koma dzuwa likapendeka ankadzambatuka, kufunafuna nsapato, ulendo wa kuchitseko. Sabata yachitatu anaphonya sitepe ya pakhonde n'kutemeka pamwamba pa diso. Anawasoka patatu. Palibe fupa linathyoka.

Ndinabwera tsiku lomwelo, ndipo ndikukumbukira kuti sindinavule jasi langa loyera, dala, chifukwa ndinkafuna kuti andiope. Ndinamufunsa namwino wamkulu wa nthawi imeneyo kuti, "Mukudikira chiyani, athyoke chiuno kaye?" Iye anati, "Adokotala, tingayese kuyenda nawo." Ndinati, "Muli angati masana?" Anati awiri. Ndinati, "Nanga okalamba?" Anati makumi awiri. Ndinatenga fayilo n'kulemba ndi dzanja langa: lamba wa nsalu yolimba, wodutsa m'chiuno, womangira kumbuyo kwa mpando kumene manja safikako, zitsulo za m'mbali mwa bedi zikwezedwe. Patapita masabata awiri anandiimbira kuti achemwali akumakuwa masana onse. Ndinawonjezera piritsi.

Ndinkabwera kudzawaona Lamlungu lililonse m'mawa, nthawi imene ankakhala phee. Anali atasiya kundizindikira. Ankanditcha adokotala, n'kumandiyankha mwaulemu monga munthu amayankhira wamkulu wa ku ofesi. Ndinkatsegula fayilo, n'kuona tsiku lililonse palembedwa mawu amodzi: sanagwe, sanagwe, sanagwe. Ndinkatseka fayiloyo mtima uli m'malo, n'kumabwerera kunyumba ndikudziyamikira kuti ndine mlongo wosamala. Zinatero miyezi isanu.

Pano pali mayi wina amene ndikufuna aimirire, ngakhale ndikudziwa kuti andidzudzula pambuyo pake. Ali mu mzere wachitatu, avala juzi yobiriwira. Anagwira ntchito pano zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi monga wosamalira okalamba, wopanda satifiketi ina iliyonse. Onse ankawatcha Mayi Tiyeni, chifukwa kaya n'kusamba, kaya n'kudya, kaya n'kumwa mankhwala owawa, mawu awo anali omwewo: tiyeni. Zikomo mayi, khalani pansi.

Mayi amenewa anandiimbira foni ku chipatala, chinthu chimene wantchito wa msinkhu wawo sankayenera n'komwe kuyerekeza. Anati, "Adokotala, mubwere Lachitatu, 3 koloko masana."

Ndinati, "Adwala?"

Anati, "Ayi."

Ndinati, "Agwa?"

Anati, "Akanagwa bwanji?"

Ndinati, "Mayi, ine masana ndimakhala ndi odwala."

Anati, "Awanso ndi odwala anu. Munalemba ndinu." N'kudula foni.

Ndinabwera Lachitatulo nditafufuma ngati finye, cholinga changa chili chokawanenera kwa akuluakulu awo. Mayi Tiyeni anandichingamira pakhomo, osandipatsa mpata woyankhula, n'kunditsogolera ku chipinda chochezera.

Achemwali anali pampando wawo, maso ali pa wotchi ya pakhoma. Manja onse awiri anali pa lamba, akukoka, ndipo m'mphepete mwa lambayo ulusi unali utayoyoka chifukwa chokandidwa ndi zikhadabo. Koma chimene sindidzaiwala ndi mapazi. Ankayenda. Thupi lili chomangidwa, mapazi akupalasa pansi, lamanja, lamanzere, lamanja, lamanzere, moti masilipasi anali atabooka ku zala ndipo simenti ya pamenepo inali itasalala kuposa pena ponse.

Ataona jasi loyera, nkhope yawo inawala. Anati, "Adokotala, chonde, inu ndinu akuluakulu, auzeni andimasule. Sindinabe kanthu ine. Ndikangomuolotsa ndibweranso, mudzandimange bwinobwino, sindikana."

Ndinati, "Mukamuolotse ndani?"

Anati, "Mlongo wanga. Ndi wamng'ono. Ndinamuuza kuti asaoloke yekha, ndipo amamvera mwana ameneyo. Aima pomwepo mpaka mdima. Akapanda kundiona amalira."

Ndinagwada patsogolo pawo. Ndinati, "Achemwali, ndine. Ndine Kamsomali."

Anandiyang'ana ndevu za imvizi, anandiyang'ana magalasi, kenako anaseka pang'ono, kuseka kwaulemu kosafuna kukhumudwitsa munthu wamkulu. Anati, "Musandiseke, adokotala. Nthawi yatha."

Ndiloleni ndimweko madzi.

Olemekezeka nonse, miyezi isanu ndi masana oposa zana limodzi ndi makumi asanu. Masana onsewo, m'mutu mwa achemwali anga munali mwana ataima pa geti akulira, malole akudutsa, iwo atamangidwa pampando ndi anthu osafuna kumva. Ndipo amene anawamanga anali mwana yemweyo.

Mayi Tiyeni anayankhula ali kumbuyo kwanga. Anati, "Tsiku lililonse amatero. Ndinauza a sisitala, anati dokotala analemba. Aliyense amafunsa ngati agwa. Palibe anafunsapo kumene amapita." Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya phula ndili ndi madigiri atatu.

Ndinapita kumbuyo kwa mpando kuti ndimasule mfundo. Zala izi, zimene zinkasoka mitsempha yopyapyala ngati ulusi, zinalephera. Anamasula ndi Mayi Tiyeni, n'kunena kuti, "Tiyeni, mayi." Tinawagwira wina uku wina uku. Anaimirira. Anaponda kamodzi, kawiri, kachitatu mawondo anapinda, n'kutsamira pa ine. Anali opepuka ngati mtolo wa nsalu zouma. Sindinafunike wina wondiuza chimene chinachitika, inali ntchito yanga: minofu ya m'miyendo inali itafota, mfundo zitauma, ndipo kumsana kunali chilonda chimene sindinkachidziwa chifukwa Lamlungu ndinkawerenga fayilo osati thupi. Mafupa onse ndinawasunga athunthu. Miyendo ndinaipha.

Tinawaika pa mpando wa matayala n'kupita nawo ku geti. Mlonda anatsegula osafunsa. Achemwali anasuzumira uku, anasuzumira uko, anakonza kolala ya diresi lawo. Anati, "Sanatuluke. Tidikire pang'ono." Tinadikira. Kunkadutsa njinga, magalimoto, mayi wina ndi dengu pamutu. Patapita kanthawi Mayi Tiyeni anawerama n'kunena kuti, "Mayi, aphunzitsi akuti wapita kale, amuolotsa a neba. Ali kunyumba." Achemwali anati, "Wadya?" Mayi Tiyeni anati, "Wadya." Achemwali anapuma mpweya wautali, mapewa n'kugwa, mapazi n'kukhala chete. Anati, "Chabwino. Tibwerere, kuli ntchito." Atsogoleri a mipingo muli pano, mungakambirane nokha ngati limenelo linali bodza. Chimene ndinaona ine n'chakuti tsiku limenelo piritsi silinafunike.

Kuyambira pamenepo ndinasintha ndandanda wa maopaleshoni anga, n'kumabwera masana aliwonse. Ndinkakankha mpando mpaka pa geti, n'kuima pambali pawo, tonse awiri n'kumadikira ine. Zinatero masabata khumi ndi imodzi, ndipo m'masabata amenewo ndinamva zinthu zimene sindinazimve zaka makumi asanu ndi limodzi, chifukwa munthu amauza mlendo zimene sangauze mwana amene akumulera.

Tsiku lina anati, "Ndi wanzeru mwana ameneyo, adokotala, koma mutu wouma. Akaganiza chinthu samvanso za wina." Musaseke kwambiri, a Matroni, ndakuonani.

Tsiku lina anati, "Ndikufuna aphunzire. Nsimbi ithere pa ine."

Ndipo tsiku lina, kukuwomba kamphepo, anati, "Panali mwamuna wina wa ku njanji, ankandifuna ukwati. Wamtali, waulemu. Koma anati mwanayu akakhale kwa achibale. Ndinamuuza kuti ndiye basi." Ine sindinamvepo za mwamuna ameneyu. Moyo wanga wonse ndinkaganiza kuti achemwali sankafuna banja, ndipo sindinafunsepo. Ndinati, "Munkamukonda?" Anayang'ana kumsewu, kenako anati, "Ankaliza bwino mluzu." Sanadzamutchulenso.

Anzathu a mafizo, olimbitsa minofu ya odwala, anayesetsa. Achemwali anafika poima atagwira chitsulo, koma sanayendenso. Chibayo chinawatenga nyengo yozizira itangoyamba, monga chimatengera ambiri amene akhala pansi nthawi yaitali. Mpaka tsiku lomaliza ankanditcha adokotala, ndipo ankandithokoza kuti ndine munthu wabwino wowaperekeza.

Kuchokera pakhomo la nyumba yakaleyo kukafika pa geti ndi mapazi makumi anayi ndi awiri. Ndinawerenga. Ndikanafunsa funso limodzi sabata yoyamba ija, akanayenda mapazi amenewo ndi miyendo yawo, dzanja lawo lili pa mkono wanga, mwina chaka, mwina zaka ziwiri. Mwina akanagwanso. Mwina tsiku lina, akuyenda, akanatembenuka n'kundiona. Sindidziwa, ndipo madzi akatayika saoleka. Chimene ndimalakalaka si chachikulu. Anthu anditchula maudindo ambiri, ena mwawatchula lero, koma ndikanapereka onsewo kuti ndimve kamodzi kokha mawu aja akundiitana dzina la misomali lija. Mpaka lero, ndikadutsa pamene wina akusita, fungo la nsalu yotentha likandipeza, ndimatembenuka.

Tsopano ndiyankhule ndi inu, gulu ndi gulu, mwachidule.

Inu ogwira ntchito, sindinabwere kudzakulozani chala. Ndikudziwa kuti palibe amene amadzuka m'mawa n'cholinga chokamanga gogo wa mwini. Mumamanga chifukwa manja ndi ochepa, chifukwa mukuopa achibale, chifukwa dokotala analemba. Koma mwaonetsa kale kuti njira ina ilipo. A Matroni andiuza za mayi amene ankang'amba zovala ndi kumenya aliyense womuyandikira. M'malo momumanga manja, wina anamuyang'ana m'kamwa n'kupeza dzino lobooka. Andiuza za bambo amene ankakwera pamwamba pa zitsulo za bedi. Munthuyo ankangofuna kuchimbudzi, ndipo zitsulozo zinkangomuwonjezera msinkhu wogwera. Andiuza za a Kondakita omwewa, amene sakhazikika pampando chifukwa zaka makumi atatu anagwira ntchito ali chiimire. Munawapatsa malo pafupi ndi chitseko cha chipinda chodyera, ndipo tsopano palibe amalowa osawapatsa moni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndakuyenderani m'nyumba yatsopanoyi, ndaona mabedi otsika, zogwirira m'makonde monse, pansi posaterera, kanjira ka m'munda kozungulira n'kubwerera pomwe kanayambira, mabenchi oti wotopa apumirepo. N'zabwino zonsezo. Koma kumbukirani kuti chingwe sichikhala cha nsalu chokha. Katebulo kotsekereza munthu pampando ndi chingwe. Mpando wakuya woti sangadzukepo ndi chingwe. Piritsi loperekedwa kuti pakhale bata, osati kuti wodwala achire, ndi chingwe choipitsitsa, chifukwa mlendo akabwera sachiona.

Inu madokotala anzanga, chimene talemba chimakhala nthawi yaitali kuposa mkwiyo umene tinalembera. Ine ndinalemba mu mphindi ziwiri, anthu anamvera miyezi isanu. Aja awiri amene akumangidwabe, ndamva kuti n'chifukwa cha machubu amene akawazula moyo ungakhale pangozi, kuti ndi kwa maola owerengeka, kuti achibale akudziwa, ndiponso kuti nkhani yawo imaunikidwa m'mawa uliwonse. Ndikuthokoza kuti simunandibisire. Pitirizani kuwawerenga mokweza, kuti awiriwo asadzasanduke chizolowezi.

Inu achibale, apa ndiye pali povuta, ndipo sindikunamizani. Okalamba osamangidwa amagwa nthawi zina. Chaka chatha mayi amene pano mumawatcha Aphunzitsi anagwa m'munda n'kuthyoka dzanja. Mwana wawo anabwera atalusa, monga ndinabwerera ine, akufuna amayi ake amangidwe kapena wina achotsedwe ntchito. Amene anamuyankha si a Matroni ayi, ndi amayi ake omwe. Anati, "Iwe, dzanjali ndi la ndani?" Ndi awo akweza dzanjalo, linapola. Mwanayo alinso pano, ndipo ndikumulemekeza, chifukwa iye anamva pa tsiku limodzi chimene ine chinanditengera miyezi isanu. Mantha anu ndi chikondi, sindikukana. Koma musanapemphe lamba, bwerani pa ola limene kholo lanu limavuta, osati pa ola limene inu mwapeza mpata. Khalani pansi, muone, mufunse. Ndipo uzani osamalira zimene mukudziwa: ankagwira ntchito yanji, ankadzuka nthawi yanji, ankaopa chiyani, ankadikira ndani. Inu muli ndi theka la yankho, iwo ali ndi theka linalo.

Inu olemekezeka a ku Unduna ndi a khonsolo, ndikupemphani mukanene kumene mwachokera mawu awa monga ndawanenera. Lamba aliyense amene mungamupeze pampando wa wokalamba akuimira munthu amene sitinamulembe ntchito. Wosamalira mmodzi sangaperekeze gogo kunja pamene ena khumi akumudikira m'kati. Malamulo oletsa kumanga ndi abwino, ndipo tikuwafuna, koma lamulo lilibe mkono woti wokalamba agwire. Tipatseni anthu, muwaphunzitse, ndipo muwamvere akamayankhula, ngakhale alibe satifiketi.

Ndatsala ndi chinthu chimodzi, ndipo ndi pempho langa ndekha. Mwezi wa mawa ndikwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu mphambu zitatu. Manjawa ayamba kunjenjemera, mwaona mmene pepalali likuvinira. Sabata yatha ndinaima pakati pa khitchini nditanyamula ketulo, osadziwa ngati ndimakathira madzi kapena ndimakataya. Mwana wanga wamkazi, amene wandiyendetsa pagalimoto lero, wakhala kumapeto uko, anandiona ali pakhomo. Ndinaona m'maso mwake akuyamba kuwerenga masitepe a nyumba yanga. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mwana wanga, ndikuyankhula pamaso pa mboni zonsezi, kuti tsiku limenelo likadzafika usadzasenze wekha. Mwina ndidzakuiwala. Mwina ndidzakutcha sisitala, kapena dzina la amayi ako, ndipo zidzakupweteka; undikhululukiretu lero, ndikadali wodziwa kupepesa. Ukadzatopa, udzandibweretse kuno, usadzachite manyazi, ndaona zipinda zake ndipo ndasankha kale cha pakona chija. Koma usadzalole kuti andimange. Ndikadzagwa, mudzandidzutse. Ndikadzathyoka, mudzaitane mmodzi wa ana amene ndinawaphunzitsa, tidzaone ngati ankamvetsera m'kalasi. Ndipo ndikadzagwa kugwa komaliza, usadzadziimbe mlandu, usadzaimbenso mlandu anthu awa. Udzanene kuti bambo anga anagwa akuyenda. Wagwedeza mutu kuvomera, nonse mwaona.

Olemekezeka Wapampando, olemekezeka alendo nonse, amayi ndi abambo eni nyumba ino: ndi ulemu umene mwandipatsa, ndiponso ndi mtima wothokoza manja onse amene anamanga makoma awa ndi manja onse amene adzagwire ntchito m'kati mwake, ndikulengeza kuti nyumba yatsopanoyi yatsegulidwa tsopano mwalamulo. Lowani, ndipo mukafuna kutuluka, tulukani.

Zikomo kwambiri.